Lipoti la kukonza njinga ya Raleigh ya 1968 yotoledwa pa mulu wa zitsulo zotha

Njinga yomwe ndikufotokoza pano ndi Raleigh Sports yakuda, ya magiya atatu, ya felemu yachimuna. Anabwera nayo ndi munthu wina amene anaiombola pa mulu wa zitsulo zotha isanakwere sikelo. Funso lawo linali limodzi: kodi ingayendenso, kapena angochotsako belu ndi kaliyala n'kuibweza komwe anaitola? Ndalemba lipotili chifukwa njinga zamtunduwu zikutayidwa zambiri popanda chifukwa chomveka, ndipo zochuluka mwa zomwe zimafika m'manja mwanga sizinathe ndi ukalamba. Zinavulazidwa ndi munthu wa phuma amene anali ndi hamala m'manja koma analibe sipanala yoyenera. Iyi inali ndi mabala a mitundu yonse iwiri, a zaka ndi a manja a munthu, choncho ikuonetsa bwino kusiyana kwake.

Momwe inafikira

Matayala onse awiri anali atauma n'kung'ambika m'mbali. Tcheni chinali chitagwirana ndi dzimbiri moti chimakhoza kuima chokha ngati ndodo. Mkono wa pedulo ya kumanzere umagwedera, chishalo chinali chitakana kukwera kapena kutsika, ndipo ukapalasa ndi dzanja mapedulo amangozungulira, gudumu la kumbuyo lili phee. Madigadi onse analipo, chotchinga tcheni chinaliponso, ngakhale chinali chopindika pang'ono. Kutsogolo kwa felemu kunali kachizindikiro ka Raleigh kaja kokhala ndi mutu wa kakowa ndi dzina la mzinda wa Nottingham.

Zaka zake sizinavute kudziwa. Habu ya kumbuyo, chitsulo cha pakati pa gudumu momwe muli magiya, ndi ya Sturmey-Archer, ndipo kampani imeneyi inkadinda chaka ndi mwezi pa thupi la habu. Nditapukuta mafuta akuda ndinapeza zilembo AW, ndi manambala 68 ndi 5 pansi pake, kutanthauza mwezi wachisanu wa 1968. Habu ikhoza kukhala kuti inasinthidwa, koma zina zonse zimagwirizana nayo: masipoko 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo, monga zinkakhalira njinga zambiri za ku Britain za nthawi imeneyo. Ndinalembanso nambala ya felemu m'buku langa ndi kufunsa mwatsatanetsatane komwe njingayo inachokera. Njinga yomwe nambala yake yafutidwa ndi tupa sindiigwira, ngakhale itakongola bwanji.

Felemu kaye

Ndisanamasule nati ndi imodzi yomwe ndimayamba ndaona felemu, chifukwa ndiyo yokha imene imagamula ngati ntchito ikhalepo. Tayala, tcheni, kebulo, zonsezo zimagulidwa. Felemu ikathyoka msana palibe chokonzera njingayo.

Ndinayendetsa chala kunsi kwa mapaipi awiri amene amakumana ndi paipi ya kutsogolo. Njinga ikagunda chinthu ndi mphuno, pamalo amenewa pamatuluka kakhwinya komwe diso likhoza kudumpha koma chala sichidumpha, ndipo penti amasweka mozungulira. Panalibe. Foloko ndinaiyang'ana cham'mbali, sinabwerere m'mbuyo. Kenaka ndinamanga chingwe kuchokera pa mlomo wina wogwira gudumu la kumbuyo, kuzungulira paipi ya kutsogolo, kubwerera pa mlomo winawo, n'kuyeza mpata pakati pa chingwe ndi paipi ya chishalo mbali zonse ziwiri. Kusiyana kunali kochepa kwambiri, kosafunika kuwongola.

Chomwe chinandidetsa nkhawa ndi timapaipi tiwiri ta pansi topita ku gudumu la kumbuyo. Wina anamangapo choimikira njinga mothina kwambiri mpaka timapaipito tinaphwanyika pang'ono. Bala ili ndimaliona pa njinga zambiri za Raleigh, ndipo limandipweteka chifukwa n'lopeweka. Ndinapala penti pamalopo kufuna mng'alu, sindinaupeze. Ndinagogoda mapaipi onse ndi kachitsulo, ndipo onse amalira mofanana, popanda malo olira mogontha osonyeza kuti dzimbiri ladya mkati. Felemu za Sports si za chitsulo chopyapyala ngati Reynolds 531 chomwe ankapangira njinga za mpikisano. N'zachitsulo wamba chochindikala. N'chifukwa chake zimalemera, komanso n'chifukwa chake zimapirira zaka zambiri pa mvula.

Ndinawauza eni ake kuti njingayo ikonzeka, kupatula ngati ndingapeze choipa m'chibowo cha ekiselo ya mapedulo, chifukwa kapu ya kumanzere, yomwe imalowa m'chibowomo n'kusunga timipira ta bering'i, ndinali nditaiona kale kuti yakhala mopendekeka.

Chitsulo cha chishalo sichinatenge nzeru zambiri. Chinali chitsulo m'kati mwa chitsulo chinzake, ndipo dzimbiri lotere limagonja ndi oyilo wolowerera ndi kudekha. Ndinathira m'mawa ndi madzulo kwa masiku angapo, kenaka ndinachimanga pa vayisi n'kupotoza felemu yonse. Chinalira kamodzi n'kumasuka.

Kotapini ndi mazinga

Apa ndi pomwe panali ntchito yeniyeni. Mikono ya mapedulo pa njinga izi imagwidwa ndi kotapini, kachitsulo kokhala ndi mbali imodzi yosemedwa mopendekeka komwe kamakanikiza pa malo aphwatalala a ekiselo. Anthu ambiri amaganiza kuti nati ndiyo imakoka kotapini kuti ithine. Ayi. Kotapini imalowetsedwa ndi mphamvu kuchokera kumutu kwake, nati imangoisunga kuti isabwerere. Ukaikoka ndi nati, mazinga amatha chifukwa chitsulo chake n'chofewa.

Pa njinga iyi wina anayesa kutulutsa kotapini ya kumanzere pomenya ndi hamala mbali ya mazinga, nati atachotseratu. Nsonga inaphwanyika n'kutambasuka, ndipo sikanathanso kudutsa pa bowo lake. Ndinadula nsongayo, n'kuboola pakati pa kotapini ndi dirilo yaing'ono, kenaka yokulirapo, mpaka inatsala ngati kachikopa chabe. Pomenya komaliza ndinatsamiritsa mkono wa pedulo pa paipi yachitsulo yoima pansi, kuti mphamvu ya hamala ipite pansi osati pa timipira ta bering'i. Amene anamenya poyamba uja sanachite zimenezi, ndipo umboni wake ndinaupeza nditatsegula: timaenje tating'ono tondondozana pa njira ya timipira pa ekiselo. Ekiseloyo inali yotha ntchito.

Kenaka kapu. Njinga zambiri zotsatira muyezo wa ku Britain zili ndi mazinga 24 pa inchi iliyonse pamalo amenewa. Raleigh ya ku Nottingham inali ndi muyezo wakewake wa mazinga 26 pa inchi, pano ndi pa khosi la foloko pomwe. Kukula kwa bowo n'kofanana kwambiri moti kapu ya mazinga 24 imalowa bwinobwino ukaizunguza kawiri kapena katatu, kenaka imayamba kulimba. Munthu wosadziwa amati ndi dzimbiri, n'kutenga sipanala yaitali. Izi ndi zomwe zinachitika apa. Kapu yachilendo inalowetsedwa mokakamiza mpaka theka, n'kudya mazinga oyambirira a felemu.

Ndinaitulutsa pang'onopang'ono, ndikuthira oyilo, kubwerera pang'ono, kupitanso. Nditapukuta ndinaona kuti mazinga a kukamwa atha, koma a m'kati, komwe kapu ija sinafike, ali bwino. Njira zinalipo zingapo. Ina ndi kudula mazinga atsopano a 24 pamwamba pa akalewo, koma zimenezi zimasiya mazinga osakanikirana opanda mphamvu, ndipo ukatero sungabwererenso. Ina ndi kuika bering'i yamakono yosadalira mazinga. Imagwira, koma imafuna kuti mikono ya mapedulo isinthidwenso, ndiye kuti gudumu la tcheni la mano 46 lokhala ndi zithunzi za akakowa zobooledwa mozungulira likanatayika. Chimenecho ndi chimodzi mwa zinthu zokongola kwambiri pa njingayi.

Ndinasankha njira yachitatu. Ndimasunga makapu ndi maekiselo ochokera pa felemu za Raleigh zomwe sizikanapulumuka. Ndinatenga kapu imodzi yakale ya mazinga 26, n'kucheka timipata titatu modutsa mazinga ake kuti isanduke chosesera, ndipo ndinailowetsa ndi dzanja mosamala kuti ilondole njira yakale. Tizidutswa ta chitsulo tinkasonkhana m'timipatamo. Pamapeto pake kapu ina yabwino inalowa mowongoka n'kugwira mazinga a m'kati aja, ndipo mphete yokhoma inathina popanda kulumpha. Kapu ya kumanja sindinaikhudze. Ili ndi mazinga obwerera kumanzere, imamangidwa molimba kwambiri ku fakitale, ndipo njira ya timipira m'kati mwake inali yosalala. Ndinangoitsuka ili pomwepo. Ndinaika timipira tatsopano 11 mbali iliyonse, ta kota ya inchi, ndi girisi wokwanira.

Makotapini atsopano a mamilimita 9.5 ndinawasema ndi tupa kuti mbali zawo zopendekeka zifanane, n'kuwalowetsa moyang'ana kosiyana. Akayang'ana kumodzi, kapena wina akasemedwa kuposa mnzake, mikono ya mapedulo siikhala pa mzere umodzi, ndipo wopalasa amamva ngati mwendo wina ukutsogola.

Habu ya magiya atatu

Eni njinga ankaganiza kuti habu ndiyo yafa, ndipo ndi chifukwa chomwe anthu ambiri amatayira njinga izi. Habu ya AW inayamba kupangidwa mu 1936 ndipo inapangidwa kwa zaka makumi ambiri osasintha kwenikweni, choncho zipangizo za chaka china zimalowa pa ya chaka china. Kawirikawiri ikasiya kukoka sikuti mwathyoka kanthu. M'kati muli tizikhadabo tachitsulo tinayi timene timakola mano, ndipo kalikonse kamakankhidwa ndi kasipuling'i kopyapyala kwambiri. Oyilo akauma n'kusanduka phula, tizikhadaboto timamatirira pansi, ndiye mapedulo amangozungulira.

Nthawi zina kuthira oyilo wopepuka pa kabowo ka pa thupi la habu n'kuzunguza kumakwanira. Pa iyi sikunakwanire, choncho ndinaitsegula. Ndinachotsa koni ya kumanzere, nati yosongoka ija yomwe timipira timazungulirapo, n'kuika chizindikiro pa mphete yaikulu ya kumanja ndi pa thupi la habu kuti pobwezera zikumane pomwe zinali, kenaka ndinamasula mpheteyo ndi kachitsulo kogogodera. Zam'kati zonse zimatuluka pamodzi. M'menemo munali girisi wochindikala wouma, kusonyeza kuti wina anadzazamo girisi m'malo mwa oyilo. Ndinatsuka zonse m'palafini ndi kaburashi.

Zitayera, munthu umaona chifukwa chake habu imeneyi imakhalitsa. Pa ekiselo pali giya yaing'ono ya mano 20 yosazungulira, mozungulira muli timagiya tinayi ta mano 20, ndipo kunja kwake kuli mphete ya mano 60 m'kati. Kuchokera pa zimenezi mumatuluka magiya atatu: yoyamba imachepetsa liwiro la gudumu ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, yachiwiri imapereka monga momwe yalandirira, yachitatu imawonjezera gawo limodzi mwa atatu. Mano onse anali athunthu. Kamtanda komwe kamasuntha posintha giya kanali kakuthwabe m'makona. Ndinasintha timasipuling'i tinayi tokha ndi timipira, china chilichonse n'cha 1968.

Pobwezera pali dongosolo lomwe siliyenera kusokonezedwa. Koni ya kumanja imamangidwa ndi zala mpaka itafika, n'kubwezedwa theka la kuzunguza, n'kukhomedwa. Kuthina kwa bering'i kumakonzedwa kumanzere kokha, ndipo kumasiyidwa ndi kampata kochepa kwambiri komveka pa limu. Ukathinitsa, mapedulo amayamba kuzungulira okha ukamakankha njinga. Girisi ndinapaka pa timipira pokha, kwina konse oyilo.

Chomaliza ndi kukonza kebulo. Habu yakale ya AW ili ndi malo pakati pa giya yachiwiri ndi yachitatu pomwe siikoka konse, ndipo kebulo ikakhala yosakonzedwa bwino, pedulo imathawa phazi mwadzidzidzi. Munthu atakhala kuti waimirira pa mapedulo akhoza kuvulala kwambiri. Ndinaika giya yachiwiri, n'kusuzumira pa kawindo ka nati ya kumanja, n'kuzunguza chothinitsira mpaka phewa la kandodo ka tcheni chaching'ono chomwe kebulo imakoka linafanana ndi nsonga ya ekiselo. Habu yabwino imalira ti ti ti mu giya yachiwiri ndi yachitatu ukamapalasa, ndipo imakhala chete mu yoyamba. Iyi inatero.

Magudumu ndi mabuleki

Limu ya kumbuyo inali ndi dzimbiri la pamwamba chabe. Ya kutsogolo inali itadyeka m'kati mbali imodzi, pomwe madzi ankadikha njinga ili chiimire tayala litaphwa, ndipo nsonga ya sikuludiraiva inalowa mosavuta. Limu yotere siikhulupirika. Ndinamanga gudumu latsopano pa habu yomweyo, ndi limu ya aluminiyamu ya mabowo 32 ndi masipoko atsopano. Okonda zakale ena amadana nazo zimenezi, koma ine sindikayika. Limu yachitsulo yonyezimira ikanyowa, buleki imatenga nthawi kuti igwire, ndipo buleki ya kutsogolo ndiyo imaimitsa njinga. Munthu amene adzakwere njingayi pa msewu wa magalimoto ndi wofunika kuposa maonekedwe a limu.

Habu ya kutsogolo ya Raleigh ili ndi msampha wake. Ilibe manati okhoma makoni. Koni imodzi imamangidwa mpaka pa phewa la ekiselo, ndipo imeneyo iyenera kukhala kumanja kwa njinga, mbali ya tcheni. Ukatembenuza gudumu, kuzungulira kwake kumathinitsa koni inayo mpaka bering'i itaphwanyika. Ndinawasonyeza eni ake zimenezi ndi chala, chifukwa tsiku lina adzachotsa gudumulo kuti amate chubu.

Pa matayala ndipomwe anthu amataya ndalama. Pa tayala lakale panalembedwa 26 x 1 3/8, ndipo munthu amangogula lililonse lolembedwa 26. Limu ya njinga iyi ndi ya mamilimita 590, pomwe ya njinga za m'mapiri, yomwenso imatchedwa 26, ndi ya mamilimita 559. Sizilowana ngakhale pang'ono. Nambala yoti muziyang'ana ndi 590. Ndinaika matayala, machubu, makebulo ndi mphira za mabuleki zatsopano, ndipo zitsulo za mabuleki ndinangozitsuka n'kuzidzoza.

Tcheni chatsopano chimafunika kale, choncho ndinapezerapo mwayi wosintha giya ya kumbuyo kuchoka pa mano 18 kufika pa 22. Ndi mano 18, kuzunguza mapedulo kamodzi mu giya yachiwiri kumayendetsa njinga mamita pafupifupi 5.3, ndipo mu yachitatu oposa 7, zomwe n'zolemera kwa njinga ya kulemera kotere. Ndi mano 22 yachiwiri imatsika kufika pa mamita 4.4, yachitatu 5.8, yoyamba 3.3. Tsopano giya yachitatu ndi ya pa msewu wosalala, ziwiri zinazo ndi za pa chitunda ndi katundu. Giya ya kumbuyo ija imagwidwa ndi kamphete ka sipuling'i kokha, ndiye wofuna kubwezera yakale atha kutero mosavuta. Yakaleyo ndinawapatsa eni ake kuti asunge.

Za penti

Apa tinasiyana maganizo. Eni ake ankafuna kuti felemu ipalidwe yonse n'kupakidwa penti watsopano. Ndinawapempha kuti ayambe aona paipi imodzi nditaipukuta. Penti wakuda wa Raleigh ankawotchedwa mu uvuni ndipo ndi wolimba kuposa wa m'chitini chopopera. Chomwe chimaoneka ngati kutha nthawi zambiri ndi khungu lapamwamba lofa ndi litsiro la zaka. Nditatsuka ndi sopo n'kupukuta ndi polishi wosalala, mtundu wakuda unabwerera, ndipo timizere tagolide ndi zilembo za dzina zinaonekanso, zofufuma koma zowerengeka. Zimenezi ukazipala zapita. Anayang'ana paipiyo nthawi ndithu, n'kunena kuti, "Basi, musiyeni momwemo."

Malo omwe penti anachokeratu ndinachotsapo dzimbiri, n'kudonthezapo penti wakuda ndi kaburashi kakang'ono, kenaka ndinapaka phula felemu yonse. M'kati mwa mapaipi ndinathiramo oyilo woteteza dzimbiri. Handulo ndi zitsulo zina zonyezimira ndinazikhula ndi pepala la aluminiyamu lonyowetsa m'madzi, lomwe limachotsa dzimbiri popanda kukanda ngati sandipepa. Timadontho takuda pomwe dzimbiri linaboola tinatsala, ndipo tidzakhalapo mpaka kale.

Chishalo chokha ndicho sichinapulumuke. Chinali cha chikopa, cha Brooks, koma chikopacho chinali chitauma n'kung'ambika pa misomali ya kutsogolo. Chikopa chouma chabe chimatha kufewa ndi mafuta ake, koma chong'ambika pamenepo chimaduka munthu ali pa ulendo. Ndinaika china, ndipo zitsulo za pansi za chakalecho ndinasunga, popeza zikhoza kuvekedwa chikopa chatsopano.

Zotsatira ndi zoyang'anira

Njingayi ikuyenda mowongoka ngakhale utasiya handulo, magiya onse atatu akulowa osalumpha, ndipo buleki ya kutsogolo ikugwira ngakhale limu itanyowa. Zomwe zinasinthidwa ndi matayala, machubu, tcheni, makebulo, mphira za mabuleki, timipira, timasipuling'i, makotapini, ekiselo ya mapedulo ndi kapu yake imodzi, limu ya kutsogolo ndi masipoko ake, giya ya kumbuyo, ndi chishalo. Mwa zimenezi, ekiselo, kapu ndi kotapini zinaonongeka ndi manja a munthu. Zikanakhala kuti sizinakhudzidwe, ntchito yonse ikanangokhala yotsuka, kudzoza ndi kusintha zomwe zimatha pa njinga iliyonse.

Eni ake anabwera nayo patapita milungu ingapo monga ndinawapemphera. Makotapini atsopano amakhazikika akayamba kugwira ntchito, choncho ndinawakanikizanso n'kumanga manati. Masipoko a gudumu latsopano anafuna kuthinitsa pang'ono, ndipo kebulo ya magiya inali itatamuka, ndinaibwezera pa phewa lake. Ndinawauza kuti azidontheza oyilo pang'ono m'habu mwa apo ndi apo, ndipo asadandaule akaona wina akutuluka m'mbali, chifukwa ndi momwe habuyi imadzitsukira.

Malo omwe ndikuwayang'anitsitsabe ndi kapu ya kumanzere ija, popeza ikugwira pa mazinga ochepa kuposa momwe anaipangira. Pa ulendo umenewu inali isanasunthe. Ndinaika kadontho ka penti woyera podutsa mphete yokhoma ndi felemu, ndipo ndinawauza kuti kadonthoko kakadzagawanika, kapena akadzamva kugogoda pansi pa mapazi popalasa, atsike n'kuikankha, asaipalasenso. Zikadzatero ndiye kuti mazingawo agonja, ndipo pamenepo tidzaika bering'i yosadalira mazinga ija.